Maola a mayi amathera kuti? Za ntchito zosalipidwa zapakhomo, ugadiyani ndi nkhani ya jenda kuno ku Zomba

Nkhani za jenda tazimva kwa zaka zambiri ndithu, pa wailesi, m'misonkhano ya mabungwe, masankho akayandikira kampeni ya 50:50 yofuna kuti amayi ndi abambo achuluke mofanana pa maudindo imabwera, ndipo zambiri mwa zimenezi ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma pali funso lina lomwe silifunsidwa mokwanira, ndipo ndimaona kuti mpomwe pagona nkhani yonseyi. Mayi amene tikumuuza kuti ayime pa ukhansala, ayambe geni, alowe banki mkhonde, apite kusukulu ya kwacha, akakhale nawo pa msonkhano wa chitukuko kwa amfumu, nthawi yochitira zonsezi aitenga kuti? Tsiku ndi maola 24 kwa aliyense inde, koma maola a mzimayi amakhala atagawidwa kale iye asanadzuke n'komwe, madzi akumudikira, moto ukumudikira, mwana wasukulu akufuna phala ndi yunifolomu yochapa, agogo odwala akufunika kuwatembenuza ndi kuwasambitsa, ndipo kumunda apitanso ngati wina aliyense, khasu paphewa mwana kumbuyo.

Izi ndi zomwe akatswiri amazitchula kuti ntchito zosamalira anthu zosalipidwa. Zili pawiri. Pali kusamalira munthu mwachindunji, monga kuyamwitsa, kusambitsa mwana, kusintha matewera, kupita naye kusikelo, kudwazika matenda, kuyang'anira wolumala kapena wokalamba. Nde palinso ntchito zomwe zimachititsa kuti kusamalirako kutheke, kutunga madzi, kutola nkhuni, kupita kuchigayo, kupeta, kuphika, kutsuka, kuchapa, kusesa, kuzira nyumba. Wina angafunse kuti nanga timadziwa bwanji kuti ichi ndi ntchito osati kungokhala chabe moyo wa tsiku ndi tsiku? Katswiri wina wa zachuma, Margaret Reid, anapereka muyeso wosavuta kalekale mu 1934: ngati chinthucho mungathe kulemba munthu wina ganyu kuti akuchitireni, ndiye kuti ndi ntchito. Simungalembe munthu ganyu kuti akudyereni nsima kapena akugonereni tulo, koma yophika nsimayo, yochapa zofundazo, yolera mwanayo mutha kulemba munthu ndipo ambiri m'tauni muno amalembadi. Ndiye kuti mayi akazichita yekha ntchitoyo sinasinthe, chomwe chasowa ndi malipiro basi.

Bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linatulutsa lipoti mu 2018 lomwe manambala ake ndi ofunika kuwadziwa. Tsiku lililonse anthu pa dziko lapansi amathera maola 16.4 biliyoni pa ntchito zosalipidwazi, zomwe zikufanana ndi anthu 2 biliyoni kugwira maola 8 patsiku osalandira kanthu. Pa maola amenewa, 76 pa 100 aliwonse ndi a amayi. Tikagawa, mzimayi amathera maola 4 ndi mphindi 25 patsiku pomwe mwamuna amathera ola limodzi ndi mphindi 23. Anawerengeranso kuti ntchitoyi itati ilipidwe pa malipiro otsikitsitsa enieni, ikanakwana madola 11 thiriliyoni pachaka, pafupifupi 9 pa 100 ya chuma chonse cha dziko lapansi. Ndipo lipoti lomwelo linati amayi 606 miliyoni a msinkhu wogwira ntchito sali pa ntchito yolipidwa chifukwa chosamalira pakhomo, amuna omwe ali choncho ndi 41 miliyoni okha. Kumbukirani kuti manambala amenewa akuphatikiza maiko omwe madzi amatuluka pa mpopi m'nyumba, mayi akuphikira magetsi, zovala zikuchapidwa ndi makina. Kwa mayi wa ku Chingale kapena ku Mayaka yemwe chilichonse chimayamba ndi kuyenda wapansi, maola 4 amenewo amatha dzuwa lisanafike paliwombo.

Tsopano n'chifukwa chiyani ntchito yaikulu chonchi siioneka m'mabuku a boma? Apa ife a ku Zomba nkhaniyi ili pakhomo pathu penipeni, poti likulu la National Statistical Office (NSO), ofesi yowerengera anthu ndi chuma cha dziko, lili mumzinda mwathu muno. Akamawerengera GDP, chomwe ndi chuma chonse chomwe dziko lapanga pachaka, satsata nzeru zawo zokha ayi, pali malamulo a United Nations omwe maiko onse amatsatira kuti manambala azitha kufananizidwa. Malamulo amenewa anaika malire. Katundu yemwe banja ladzipangira lokha, monga chimanga chomwe mwalima n'kudya nokha, amawerengedwa, ndipo kuyambira 1993 kutunga madzi ndi kutola nkhuni nako kunalowa mkati mwa malirewo papepala. Koma kuphika, kuchapa, kulera ana, kudwazika matenda m'banja mwanu zinasiyidwa kunja. Ndiye taonani, nsima yomwe mwagula pa chiimirire mumsika wa Zomba ili mu GDP, nsima yomweyo ufa womwewo ataphika mayi kunyumba ku Sadzi mulibe. Mwana akasiyidwa ku nazale yolipira chuma cha dziko chakula, akasiyidwa ndi azakhali ake palibe chachitika.

Ena amati aaa zimenezo ndi za ma ofesi, zikutikhudza pati. Zimatikhudza kwambiri, chifukwa bajeti imatsata zomwe zawerengedwa. Msewu ukamangidwa amawerengera kuti galimoto zipulumutsa nthawi yochuluka bwanji ndipo nthawiyo amaipatsa mtengo, koma mjigo ukaonongeka n'kukhala miyezi osakonzedwa, maola omwe amayi a mudzi wonse akutaya popita kumtsinje salembedwa paliponse ngati ndalama yotayika. Kafukufuku wa m'makomo yemwe NSO imachita pakapita zaka zingapo amafunsa ndithu za nthawi yomwe munthu wathera kotunga madzi ndi kotola nkhuni, ndipo ndi chiyambi chabwino, koma tsiku la mayi silithera pa madzi ndi nkhuni. Vuto lina ndi loti amayi amagwira ntchito ziwiri zitatu nthawi imodzi, akugulitsa tomato pamsika mwana ali kumsana, nyemba zili pamoto iye akuchapa, khutu lili kwa wodwala m'nyumba, ndiye ukamufunsa kuti dzulo munatani amangotchula chimodzi, mwinanso kuyankha kuti sindinagwire ntchito ndinangokhala pakhomo, poti ndi momwe anthu onse amanenera.

Tiyeni tione madzi. UNICEF, bungwe la United Nations loona za ana, inanena mu 2016 kuti amayi ndi atsikana pa dziko lonse amathera maola 200 miliyoni tsiku lililonse kotunga madzi, ndipo anatchula Malawi mwachindunji, kuti amayi otunga madzi amathera mphindi 54 pomwe amuna ndi mphindi 6. Zomba ndi boma lodalitsika ndi madzi, damu la Mulunguzi lili pamwamba pa phiripo, Likangala, Domasi, Thondwe mitsinje yonseyi ikutsikira ku Chilwa, koma madzi kukhalapo m'boma ndi madzi kufika pakhomo ndi nkhani ziwiri. Wa mpopi m'nyumba satayapo mphindi. Wa pa kiyosiki ku Chikanda kapena ku Chinamwali amaima pamzere ndi zigubu, madzi akasiya kutuluka ayambe kufunsa kuti kwatuluka kuti. Wa kumudzi mwezi wa Okutobala zitsime zikaphwa amalawira mdima ulipo kukaika ndowa pamzere pa mjigo. Nkhuni ndi chimodzimodzi, aliyense amene anakwerapo msewu wa kuphiri anakumanapo ndi amayi akutsika ndi mitolo italiitali pamutu, ndipo nkhalango ikamatha mtunda umatalika chaka ndi chaka. Mabanja oposa 90 pa 100 m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndiye utsi wonsewo amaupuma ndi wophikayo ndi mwana ali kumsanayo. N'chifukwa chake ine ndikamva za chitetezo mbaula, ya dothi ija yosatha nkhuni, kapena za kukokera mapaipi m'midzi, kapena chigayo kubwera pafupi, ndimaziona ngati nkhani za jenda zenizeni kuposa misonkhano yambiri ya m'mahotela, chifukwa zimabweza maola m'manja mwa mzimayi tsiku lomwelo.

Koma pomwe ndikufuna kukhalitsa ndi pa nkhani ya ugadiyani, chifukwa apa mpomwe zimaonekera poyera kuti si banja lokha lomwe limatsamira pa ntchito yaulereyi, boma nalo limatsamirapo. M'zipatala zathu za boma munthu akagonekedwa amafunika gadiyani. Anamwino ndi ochepa kuyerekeza ndi odwala, izi aliyense akudziwa ndipo si mlandu wa anamwinowo, iwonso amatopa zedi, ndiye ntchito yosambitsa wodwala, kumudyetsa, kumuperekeza kuchimbudzi, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kuchapa zofunda, kuthamangira kukaitana anesi usiku zinthu zikasintha, kuphika kaphala kuchitando, yonseyi imagwera wachibale. M'maiko olemera ntchito yomweyi amagwira anthu olembedwa ntchito okhala ndi mashifiti ndi malipiro ndi penshoni. Kuno amagwira mayi, mchemwali, mpongozi, mwana wamkazi, atagona pa chitenje pansi. Chipatala chachikulu cha Zomba chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma oyandikana nawo monga Machinga, Balaka ndi Mangochi, ndiye ganizirani mayi wachoka kutali choncho, wasiya munda nthawi yopalira, wasiya geni yake, wasiya ana ang'onoang'ono, sabata zitatu kapena mwezi. Wodwala akachira timathokoza Mulungu ndi madokotala, ndipo ndi zoyenera, koma chimanga chomwe chalowa tchire chija, kapitolo wa geni yemwe wadyedwa kuchitando uja, ngongole ya banki mkhonde yomwe ikuchita chiwongoladzanja ija, zonsezo zimakhala za gadiyani yekha.

Ndipo ana omwe wawasiya aja akuwasamala ndani? Mtsikana wamkulu m'nyumbamo, wa Sitandade 6 kapena 7, ndi amene amajomba kusukulu. Katundu wa mayi akalemera satayidwa pansi, amatsikira kwa mwana wamkazi. UNICEF inapeza kuti atsikana a zaka 5 mpaka 14 amathera nthawi yochuluka ndi 40 pa 100 pa ntchito zapakhomo kuposa anyamata a msinkhu womwewo. Timadabwa kuti mtsikana ankakhoza bwino ku Sitandade 3 watsika bwanji, timathamangira kunena za zibwenzi, osafunsa kuti amadzuka nthawi yanji, wafika mkalasi atatunga ndowa zingati, madzulo mchimwene wake akuwerenga kapena ali kumpira iye ali pati. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, mfundo yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu inayamba mu 1993, zonsezi ndi zabwino, koma mtsikana wobereka uja kuti akakhale mkalasi pafunika wina wotsala ndi khanda, ndipo wotsalayo ndi mayi ake omwe aja maola awo anatha kale.

Akuluakulu akukumbukira zaka zija Edzi inavuta ma ARV aulere asanayambe mu 2004. Zipatala zinadzaza, odwala ankabwezedwa kunyumba, ndipo zomwe zinagwira dziko lino ndi agogo aakazi olera ana amasiye ndi magulu a amayi oyendera odwala m'makomo mongodzipereka. Mchitidwe umenewu wodalira mavolontiya sunathe, unangofalikira. Onani sukulu za mmera mpoyamba m'midzimu, alezi ake ambiri ndi amayi ndipo ambiri amagwira mongodzipereka, ena amalandirako kangachepe. Ophika phala m'sukulu za pulayimale amalawira m'mamawa kukasonkha moto, ndi amayi. Magulu a amayi oyang'anira atsikana kusukulu, makomiti a mjigo, oyendera amayi oyembekezera, kukatuta mchenga ndi madzi pomanga buloko ya sukulu, kuphika pamaliro ndi kugona m'siwa. Pulojekiti iliyonse ikabwera imati anthu a m'dera atengepo mbali, ndipo mbali imeneyo kawirikawiri ndi maola a amayi. Sindikunyoza kudzipereka, ndi chinthu chokongola ndipo popanda icho midzi yathu bwenzi itagwa. Chomwe ndikukana ndi choti pulojekiti ilembe mu lipoti kuti yatukula amayi pomwe yangowaonjezera ntchito ina yaulere pamwamba pa zomwe anali nazo kale, dalaivala wa galimoto ya pulojekitiyo ali pa malipiro, wobwera kudzayendera walandira alawansi, wophika phalayo wabwerera chimanjamanja. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, komanso nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, zinali zomwezo, kusaka madzi abwino, kuthira mankhwala m'madzi, kusamala odwala ndi ana m'misasa, ngozi iliyonse imachulukitsa ntchito ya yemwe amasamalira ena.

Zotsatira zake pa ndalama ndi zoonekeratu. Munthu wopanda nthawi amasankha geni yomwe ingatheke pafupi ndi khomo, mandasi, zitumbuwa, tomato, makala a m'timapepala, phindu lochepa, pomwe geni ya phindu monga kukapikula nsomba ku Kachulu kapena mpunga kuchigwa cha Chilwa n'kukagulitsa ku Limbe imafuna munthu wotha kuchoka masiku awiri atatu. Amayi ena amachita ndithu ndipo ndi olimba mtima, koma funsani kuti ana awasiyira ndani. Wolembedwa ntchito naye amakana kukwezedwa kapena kupita kukaphunzira chifukwa cha ana, ndipo olemba ntchito ena amazengereza kulemba mtsikana poganiza kuti atenga mimba. Kenako ukalamba ukafika, penshoni imatsata ntchito yolembedwa, ndiye mayi yemwe wagwira zaka 40 osapumako ngakhale Lamulungu alibe kalikonse m'dzina lake.

Malamulo athu pa nkhaniyi ndi abwino kuposa momwe anthu ambiri amadziwira, ndipo ndimafuna amayi ambiri atawamva. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu yemwe anali naye limodzi ndi mwamuna. Kwa nthawi yaitali vuto linali loti kukhoti ankafunsa kuti unasonkhapo ndalama zingati, risiti ili kuti, ndipo mayi wapakhomo analibe choonetsa. Lamulo la maukwati la 2015, lomwe ambiri amangolidziwa pa nkhani ya zaka 18 zolowera m'banja, linanena momveka kuti khoti pogawa katundu liziganiziranso zomwe munthu anasonkha mosadzera m'ndalama, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Izi ndi zazikulu. Zikutanthauza kuti mayi wophika, wolera ana, wosamala apongozi pomwe bambo ali ku Johannesburg kapena ali ku ofesi, anamanga nawo nyumba ija ngakhale sanagule lata ndi limodzi lomwe, ndipo akaima pamaso pa majisitireti asamati sindinkagwira ntchito, afotokoze zomwe ankachita chimodzichimodzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa namfedwa kukhala mlandu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linadutsa mu 2006 pomwe Joyce Banda, mwana wa kwathu kuno kwa Malemia, anali atalimenyera nkhondo ali nduna ya za jenda, ndipo lamulo la Gender Equality Act linabwera mu 2013 iye ali pulezidenti, lomwe limati polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100. Pa za tchuthi, lamulo la ntchito limapatsa mayi wobereka sabata zosachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kusintha kwa 2021 kunabweretsa sabata ziwiri za bambo mwana akabadwa. Sabata 8 ndi zochepa tikaganiza kuti achipatala amatiuza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, komanso zonsezi zimakhudza olembedwa ntchito okha, mlimi ndi wa geni yemwe ndi gulu lalikulu la amayi m'dziko muno alibe tchuthi, amabwerera pamsika chilonda chisanapole.

Tsopano za azibambo, ndipo apa ndilankhule mwachilungamo. Si zoona kuti amuna amangokhala. Alipo akulima, akupalasa kabaza mpaka miyendo kuphwanya, akugona panyanja ku Chilwa, akuumba njerwa, akufolera nyumba, akukumba manda popanda wowalipira. Kusiyana kwake kuli pakuti ntchito zambiri za amuna zili ndi poyambira ndi pothera, denga ukafolera wafolera mpaka chaka chamawa, ndipo zambiri zimathera ku ndalama, pomwe mwana wanjala sangadikire mawa, mbale zotsukidwa m'mawa masana zadanso, ntchito yosamalira ilibe tsiku loti lero ndamaliza. Ndipo zoti amuna satha kuphika kapena kuchapa ndi zabodza zomwe mbiri ya mzinda wathu womwewu ikutsutsa. Zomba ili likulu la dziko, mpaka 1975 pomwe likulu linasamukira ku Lilongwe, ophika ndi ochapa ndi osita m'nyumba za azungu ndi za akuluakulu a boma anali amuna. Lero makhukhi a m'mahotela ambiri ndi amuna, okazinga chipisi pachiwaya ndi anyamata, matelala a pakhonde ndi azibambo, madzi akakhala ogulitsa amanyamula ndi anyamata pa njinga kapena pa wilibala. Ndiye luso lilipo, ntchito yomweyo ikakhala ndi ndalama imasiya kukhala yachikazi.

Chomwe chimamanga amuna ambiri ndi manyazi, ndipo manyaziwo timawapatsa ndi ife tomwe. Bambo akaoneka akuchapa matewera kapena wabereka mwana kupita kusikelo, anzake pa bawo amati anamudyetsa khuzumule, achemwali ake amati mlamu wathu ndi waulesi wamupondereza mchimwene wathu, ndipo nthawi zina mkazi yemweyo ndi amene amamulanda mthiko kuopa kusekedwa kuti sanalangidwe. Malangizo a kuchinamwali, a anankungwi, a pa bridal shower, ambiri amauza mtsikana kuti ulemu wake uli pa kusamutopetsa mwamuna, madzi osamba apite kubafa ngakhale nonse mwachokera kumunda kumodzi. Kuno kwathu ambiri ndi a chikamwini, munda ndi wa mkazi, ana ndi a kwa mayi, ndiye ena amati amayi a ku Zomba ali ndi mphamvu kale. Mphamvu pa malo ilipo ndithu ndipo si yaing'ono, koma ili ndi mbali ina, banja likatha bambo amanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, ana onse ndi ntchito yonse yowalera zimatsala ndi mayi ndi agogo. Ndalama ya chisamaliro cha ana lamulo limalola kukaitula kukhoti, koma ndi angati amapita, ndipo olo ndalamayo ibwere siilowa m'malo mwa manja.

M'tauni mabanja omwe onse awiri ali pa ntchito amathetsa mkanganowu polemba mtsikana wantchito, kawirikawiri wochokera kumudzi, nthawi zina mwana wa wachibale yemwe anamulonjeza sukulu. Apa tisadzinamize kuti jenda yatheka. Bambo sanasinthe kalikonse, katundu wangochoka pa mzimayi wophunzira kupita pa mtsikana wosauka, yemwe amadzuka woyamba kugona womaliza, malipiro osafika omwe boma linakhazikitsa, tchuthi palibe. Ngati tikunena kuti ntchito yosamalira ndi ya mtengo wapatali ndiye tiyambe kulipira bwino yemwe tamulemba m'nyumba mwathu, ndipo akhale wamkulu osati mwana.

Kumenyera nkhaniyi sikunayambe dzulo. Mu 1972 amayi ena ku Italy, Britain ndi America anayambitsa kampeni yofuna malipiro pa ntchito zapakhomo, cholinga chachikulu chinali kuti dziko livomereze kuti imeneyi ndi ntchito. Pa 24 Okutobala 1975 amayi pafupifupi 90 pa 100 a ku Iceland ananyanyala ntchito zonse, za ku ofesi ndi zapakhomo, tsiku limodzi lokha, ndipo sukulu ndi masitolo ambiri zinatsekedwa, azibambo anapita ndi ana kuntchito. Msonkhano wa amayi wa ku Beijing mu 1995 unapempha maboma kuti aziyeza ndi kuwerengera ntchito zosalipidwa. Pulofesa Diane Elson, katswiri wa zachuma wa ku Britain, anaziika m'mawu atatu omwe mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito lero, kuti ntchitoyi ivomerezedwe, ichepetsedwe, igawidwe, ndipo ILO inaonjezera kuti osamalira ena olembedwa ntchito alipidwe bwino komanso akhale ndi liwu pomwe mfundo zikumangidwa. Mu 2015 nkhaniyi inalowa mu zolinga za chitukuko za United Nations zotchedwa SDG pa nambala 5.4, zomwe Malawi nayo inavomereza, ndipo kuyambira 2023 United Nations imakumbukira 29 Okutobala ngati tsiku la chisamaliro.

Mawu oti igawidwe anthu ambiri amawamva ngati akungonena za mwamuna ndi mkazi kukhitchini, n'chifukwa chake zokambirana pa wailesi zimathera pa mkangano woti kodi bambo aziphika kapena ayi, ena n'kumafunsa kuti ndiye tiziwalipira akazi athu pamwezi? Palibe akunena kuti mayi azilembera mwamuna wake bilu ya nsima, ndipo zoti ntchitoyi amaigwira mwachikondi ndi zoona, koma chikondi sichichotsa kutopa ndipo sichitanthauza kuti agwire yekha. Kugawa kwenikweni kuli pakati pa mbali zinayi, banja, boma, olemba ntchito ndi mudzi. M'banja losauka kwambiri olo bambo ndi mayi agawane pakati ndi pakati, onse awiri akhalabe otopa ngati madzi ali pa mtunda wa ola limodzi, ndiye mbali ya boma ndi yomwe ingasinthe zambiri mwachangu. Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imathandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi agogo olera zidzukulu, ndiye tingati boma linavomereza kale pang'ono kuti wosamalira ena amafunika thandizo, kungoti sitinazitchule choncho.

Zomwe ndikanakonda kumva khansala kapena phungu akufunsidwa pa msonkhano, kaya ku Jali kaya ku Thondwe kaya ku Matawale, ndi zoti pa ndalama za chitukuko cha dera zingati zapita kokonza mijigo yakufa ndi kukokera mapaipi, chitando cha pachipatala chaching'ono chili ndi madzi ndi chimbudzi ndi pophikira kapena ayi, ndipo misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) imaikidwa nthawi yanji, chifukwa mukaika msonkhano nthawi yophika kenako n'kumati amayi safuna maudindo ndiye kuti mwawatsekera nokha. Ndipo pa zonse chomwe ndingaike patsogolo ndi sukulu za mmera mpoyamba. Zitakhala zodalirika, zotsegula tsiku lililonse mpaka masana, phala lilipo, alezi ophunzitsidwa ndipo akulandira malipiro enieni ochokera ku boma ngati aphunzitsi anzawo, mwana amafika Sitandade 1 atakonzeka, mchemwali wake sajombanso kuti amulere, mayi amapeza maola anayi kapena asanu a kumunda kapena kumsika manja ali omasuka, ndipo mlezi uja yemwe wakhala zaka akugwira ulere amakhala ndi ntchito yolembedwa m'mudzi mwake momwe.